Nyumba Yagulitsidwa, Iris Ali M'dimba

Lionel Catchpole anasamuka m'nyumba ija kawiri, ndipo maulendo onse awiri ine ndinali pa zenera lino ndikuonerera. Ulendo woyamba tinali ana. Wachiwiri tonse tinali titayamba kuyendera ndodo.

Nyumbayo ili tsidya la msewu, moyang'anizana ndi yanga. Ndi yofolera ndi mapesi a tirigu, makoma ake ndi opindika, ndipo khomo lake munthu wamtali amalowa chowerama. Inamangidwa agogo a agogo athu asanabadwe. Ife tili ana inali ya mwini famu, ndipo munkakhala aliyense amene ankamukamira ng'ombe. Bambo a Lionel ndiwo ankakama. Tsiku lina nkhunzi inawapanikizira ku khoma la khola, ndipo maliro atangotha, mwini famu anatumiza mawu oti mkami watsopano afika mwezi ukatha. Palibe anadabwa, nyumba inkatsata ntchito. Mayi ake anakweza mipando pa ngolo ya thirakitala, kenako anapita kukathokoza mwini famuyo chifukwa chowabwereka ngolo. Kukathokoza! Lionel anakhala pamwamba pa matiresi, m'manja muli maapozi awiri osapsa a mu mtengo wa pafupi ndi geti, umene mayi ake anabzala chaka chimene iye anabadwa.

Anakulira m'tauni n'kukhala dalaivala wa lole ya mkaka. Sanali munthu woti n'kumutolera nkhani. Sankakweza mawu, ndipo ukamuponda phazi ankapepesa ndi iyeyo. Anakwatira Iris, mkazi wamfupi wa pakamwa ngati lumo, amene ankalankhulira onse awiri. Anabereka mwana mmodzi, Gillian, ndipo anazungulira naye m'nyumba za lendi mpaka Iris anasiya kumasula makatoni ena. Lamlungu lina ndi lina Lionel ankatulukira kuno, kuimika galimoto, n'kumangoyang'ana pa geti lija.

"Iwe Catchpole," ndinkatero ine, "ukaiyang'anitsitsa igwa. Bwera udzamwe tiyi."

Ndipo mbali ina ya denga inagwadi. Makina atayamba kukama, nyumbayo inasowa wokhalamo, moti munadzaza ziyangoyango ndi akadzidzi. Pamene mdzukulu wa mwini famu anaganiza zoigulitsa, Lionel anali atayamba kale imvi. Anaigula sabata yomweyo. Amuna a ku bala ya m'mudzi muno anaseka mpaka misozi. Ankati Catchpole wagula nyumba ya akadzidzi, lendi azikatolera mbewa.

Lionel anangoyamba ntchito. Anaimika m'dimba kalavani, kanyumba kaja kokoka ndi galimoto, iye ndi Iris n'kukhalamo nyengo zachisanu zingapo, kwinaku akukonza nyumba madzulo akaweruka ndi masiku opuma. Akuluakulu oyang'anira nyumba zakale salola simenti kapena mazenera apulasitiki pa nyumba ngati iyo, choncho Lionel anaphunzira kukanda laimu ndi ubweya wa ng'ombe ngati mmene ankachitira akale. Laimuyo anamusenda manja. Mtanda uliwonse anaupala yekha, wowola anauchotsa n'kulumikiza thabwa latsopano popanda msomali. Ngakhale masitepe opita m'mwamba, otsetsereka ngati makwerero a m'nkhokwe, anawabwezeretsa mmene ankawakumbukirira.

"Akazi anzanga amalimbana ndi zibwenzi za amuna awo," Iris anandiuza tsiku lina. "Ine ndikulimbana ndi chumuni."

Komatu iyenso anakodwa. Pamene panali thengo la minga anapanga dimba loti anthu odutsa ankaimika galimoto n'kumajambula. Mbewu zake ankasunga m'chitini chachikulu cha mabisiketi, cha chithunzi cha tiana tagalu pa chivundikiro. Agalu ankadana nawo koopsa, ndipo galu wolowa m'dimba mwake ankatuluka atamuthira madzi. Koma chitinicho chinkatseka bwino, ndipo kwa Iris chinthu chotseka bwino sichitayidwa.

Anakhalamo zaka zabwino, si zochepa ayi. Kenako Iris anadwala matenda aja oyamba ndi kuwonda. Masana ena nditapititsa supu, anandikodola kuti ndikhale m'mbali mwa bedi.

"Lionel, tamvera, ndipo Muriel akhale mboni. Ndikafa, akawotcha thupi langa monga amachitira kuno, usakagule zonyezimira zosungiramo phulusa zija. Undithire m'chitini changa, undiike pansi pa mtengo wa amayi ako. Wandisamutsa mokwanira. Ndikakhala pamenepo usadzandisunthenso."

"Ndamva."

"Nawe ukatopa ubwere pomwepo. Koma usathamange, ndiyambe ndapumako."

Lionel anachita zonse. Chitinicho anachikulunga ndi kachidutswa ka lona yofunditsira katundu pa lole, anakumba pakati pa mizu, n'kuikapo kamwala kophwathalala kamene anazokotapo dzina ndi msomali. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi kapu yake n'kukaima pamenepo, kumuuza Iris za nyengo. Anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene ankachiyembekezera pa moyo wotsalawo, ndipo tonse tinkachidziwa: kudzagona pansi pa mtengo uja, pambali pa mkazi wake.

Patapita zaka zingapo anagwa m'khitchini, ndipo mwendo ndi dzanja lamanzere zinakana kudzukanso bwino. Bafa ndi chipinda zili m'mwamba. Masitepe aja, amene anawakonza ndi manja ake, tsopano ankawakwera chokwawa ndi kutsika chokhala. Gillian anamupezera malo ku nyumba ya okalamba kufupi ndi kwawo ku Leicester. Malo otero salowa ndi zikomo, ndiye nyumba inayenera kugulitsidwa.

Kampani yogulitsa nyumba inatumiza mwamuna wachichepere wa nsapato zosongoka. Sanali woipa, ndisamunamizire, ankangogwira ntchito mmene anamuphunzitsira. Anayendamo akugunda mutu m'mitanda, akuti nyumba ngati iyi anthu a ku London amailota. Kenako anayamba kulamula. Zithunzi za pakhoma zichoke. Majombo a pakhomo achoke. Pa tebulo pakhale maluwa, ndipo ogula akamabwera, mwini nyumba asapezeke.

"Wogula azidziona yekha muno, bambo Catchpole, osati inu. Mungapite kokawongola miyendo."

Kokawongola miyendo, munthu wa mwendo umodzi! Atafika m'dimba anaima pa kamwala kaja.

"Iris ndi ndani?"

"Mkazi wanga."

Munthu uja anafiira mpaka m'makutu, n'kuyang'ana nsapato zake. "Pepani kwambiri. Koma mwalawu mukanayamba mwausunga penapake. Anthu ena zoterezi zimawachititsa nthumanzi."

"Inde, inde," anatero Lionel. "Sindifuna kuvutitsa anthu."

Mwalawo ndinaunyamula ine, n'kukauika m'kanyumba kanga kosungiramo makasu. Ndinali nditapsa mtima moti ndinathyola chogwirira cha chitseko. Chikwangwani chinakhomedwa pa geti, ndipo pa galasi la ofesi yawo m'tauni anaika chithunzi ndi mawu oti nyumba yakale yokonzedwa mwachikondi. Nditamuuza Lionel anangoti, "Za chikondizo wawauza ndani?"

Chilimwe chonsecho Loweruka lililonse ankawoloka msewu atavala taye, n'kudzakhala pa mpando uwu wa pa zenera. Tinkaonera limodzi anthu osawadziwa akutsegula makabati ake ndi kugogoda makoma ake. Iye za m'nyumba sankazilabadira. Ankadikira kuti atuluke, aone chimene achite akafika pa mtengo. Bambo wina anaupima ndi maso, kenako n'kuyang'ana galimoto yake. Mayi wina anakweza dzanja kusonyeza kuti ukutchinga dzuwa. Onsewo Lionel sanawauze kuti ayi. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika: ankangoti aganize kaye, mpaka wogulayo atatopa yekha. Gillian ankachita kulira pa foni, chifukwa bambo ake anali atagwanso pa masitepe.

Kenako kunabwera banja lachichepere, Toby ndi Imogen. Mtsikanayo anali woyembekezera. Atatuluka m'nyumba anapita molunjika pa mtengo, anathyola apozi, n'kuluma, nkhope n'kukwinyika ndi kuwawasa kwake. Anaseka, anasisita tsinde, n'kulumanso.

"Waona?" Lionel anandigwira mkono. "Wadya osapukuta."

Anagulitsa kwa iwowo. Mapepala asanathe ndinamukhazika pansi.

"Uwauze."

"Ndiwauze chiyani? Mwana wa eni ali ndi pakati, ine ndikamuuze kuti m'dimba mwake muli manda? Mtengo waukonda, basi zakwana."

"Ndiye umutenge Iris upite naye."

"Anati ndisamusunthe. Unalipo."

"Nanga iweyo udzalowamo bwanji m'dimba la eni?"

"Anthu awa azibwera Loweruka ndi Lamlungu lokha. Udzandilowetse Lachitatu, modumpha mpanda."

"Ine, ndi chiuno ichi? Wapenga iwe."

Anaseka, kuseka koyamba chigwereni. Koma anandilumbiritsa kuti sindidzawauza kanthu, ndipo ndinalumbira. Tsiku losamuka anasesa ndi dzanja limodzi, anawasiyira dengu la maapozi pa tebulo, ndipo popereka makiyi anawathokoza. Ndendende mayi ake. Galimoto ya Gillian ikunyamuka sanayang'ane nyumba, anayang'ana mtengo mpaka anakhota pa tchalitchi. Ine ndinatseka katani n'kulira.

Masamba atayamba kuyoyoka ndinapita ku chipatala kukakonzetsa chiuno, kenako ndinakakhala kwa mchemwali wanga kufikira nditayamba kuponda. Pobwerera, takisi itandisiya pa geti, ndinaona kuti tsidya lija kwawala modabwitsa. Mtengo kunalibe. Pamalo pake panali timiyala tosalala, ndipo pa timiyalapo panaima galimoto yabuluu. Wobweretsa makalata ndiye anandifotokozera. Thirakitala inali itakanda galimoto yawo kawiri mu msewu wathu wopapatizawu, wodula mitengo anawauza kuti tsinde ndi lamphako lingagwere khanda, ndipo dothi lonse ndi chitsa zinapita pa lole. Sindinawaone ngati anthu oipa. Anagula malo, ndipo palibe anawauza kuti pamenepo pali munthu.

Ndinaimbira Gillian. Tinaganiza zoti bambo ake asamve, koma Lionel anaumirira kuti akufuna kudzaona mudzi chisanu chisanathe, ndipo nkhalamba yofatsa ikaumirira sungaibweze. Anafika Loweruka masana, atavala taye yomwe ija, khosi litatha. Tinamukhazika pa mpando wake. Anayang'ana panja. Ine ndinayang'ana iye.

Anayang'anabe panjapo mpaka tiyi anasiya kutuluka nthunzi.

"Akonza bwino," anatero. "Galimoto nayo imafuna pogona."

Ndinaimirira n'kutenga chikhoti. "Ndikupita ndikawafunse kumene lole ija inakataya dothi."

Anandigwira ndi dzanja labwino lija, ndipo linali lidakali ndi mphamvu za laimu. "Muriel, khala pansi. Ndi pakhomo pawo. Ukawauza lero, m'nyumbamo azigona bwanji? Ali ndi khanda."

"Manyazi anapha lambe, Lionel."

"Si manyazi. Ndi mmene anatilerera."

Ndinakhala pansi, poti nanenso anandilera chimodzimodzi. Kuno munthu ukhoza kukhala moyandikana ndi mnzako mpaka imfa, nkhani yanu ili ya mvula yokha. Iye anapitiriza kuyang'ana panja, koma osati pa galimoto. Maso anawasamutsira kumapeto kwa dimba, pa kona ya mpanda, pamene panali kagulu ka timaluwa toyera tija timene timaphuka chisanu chisanathe.

"Taona, abzala timaluwa pakona apo. Iris ankatikonda timeneto."

Anayang'ana timaluwato masana onsewo, poti kwina kunalibe koti n'kuikako maso. Madzulo Gillian anamukweza m'galimoto. Sindinamuonenso.

Anamwalira mitengo ya maapozi isanachite maluwa. Gillian anandiuza kuti atamufunsa za phulusa lake anayankha kuti, "Ukandimwaze paliponse, mwana wanga. Amayi ako sindikudziwa kumene ali, ndiye paliponse ndi pomwepo. Anthu aja usakawavutitse." Munthu amene anasenda manja ake kuti abwerere kwawo anafa akudziwa kuti wataya mkazi wake pa mtaya wa zinyalala, ndipo ankati mlandu ndi wake. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Koma Gillian anatengera pakamwa pa mayi ake. Anafika kuno Loweruka lina ndi kabokosi ka phulusa la bambo ake m'chikwama, ndipo sanavule n'chikhoti chomwe.

"Anti Muriel, inu munalumbira. Ine sindinalumbire kanthu."

Anawoloka msewu, ine m'mbuyo ndi ndodo yanga. Imogen anatsegula chitseko khanda lili m'manja, akumwetulira. Gillian sanazungulire. Ananena kuti ndi mwana wa bambo Catchpole, kuti bambo ake amwalira, ndi kuti pansi pa mtengo umene anadula panali mayi ake. Iye sanabwere kudzakangana, anangofuna kudziwa kumene dothi linapita kuti akawaike bambo ake komweko, kaya ndi pa mtaya.

Kumwetulira kuja kunazima. "Anali m'chitini? Cha tiana tagalu?"

"Chomwecho."

"Mayo ine. Toby! Toby, tabwera!" Anagwira pakamwa. "Ife tinkayesa ndi galu wa bambo aja."

Ndani akanaganiza zina? Kuno dimba lililonse lili ndi galu wake wokwiriridwa pansi. Langa lili ndi awiri. Imogen anafotokoza kuti wokumba atapeza chitinicho ankafuna kuchiponya pa lole, koma iye anakana. Anati nyama imene munthu anaikulunga mosamala chotero siyenera kutayidwa. Anatitengera kumapeto kwa dimba, pa kona ya mpanda. Timaluwa toyera tija tinali titafota, kutatsala masamba okha, ndipo pakati pake panakhala kagalu kosema ka mwala kogula ku sitolo, lilime lili panja.

"Ndinafuna kuwaimbira bambo Catchpole ndiwafunse dzina la galuyo," anatero Imogen, "koma tinati tisawakumbutse zowawa. Ngakhale tsiku lija anabwera, ndinawaona pa zenera panu. Ndinavala nsapato kuti ndibwere ndiwasonyeze pamene tinamuika. Kenako ndinati ndisakusokonezeni, muli ndi alendo."

Gillian anayang'ana kagalu kaja n'kuyamba kuseka. "Amayi! Amayi anga, pansi pa galu! Akanakuthirani madzi nonsenu." Anaseka mpaka anagwada pa udzu, ndipo kusekako kunasanduka kulira kumene sindinakumve ngakhale pa maliro. Imogen naye analira, khanda nalo linayambapo. Toby anaima chapatali manja ali m'thumba, kenako anapita kukatenga fosholo popanda womutuma.

Lionel tinamuika masana omwewo, pambali pa chitini. Ndinatuma Toby kukatenga mwala uja m'kanyumba kanga, ndipo Gillian anati adzabwera ndi msomali kudzawonjezera dzina. Imogen anatiuza kuti tizibwera nthawi iliyonse osagogoda. Tinamuthokoza, ndipo potuluka tinatseka geti bwinobwino.

Nditafika kuno ndinakhala pa mpando wa Lionel, umene sindinaukhalepo chichokereni iye. Ndinkafuna ndione chimene ankaona. Galimoto yabuluu imatchinga khomo ndi theka la dimba, koma kona ija imaoneka yonse, popanda chotchinga. Masana athunthu anakhala pano akulira mkazi wotayika, maso ali pa mkaziyo, n'kumayamikira maluwa ake. Pakati pawo panali msewu woti ngakhale wa mwendo umodzi akhoza kuwoloka tiyi asanazizire.